Kansalu ka Kangaude pa Ulimba wa Baba

Ulimba wa baba ndinaupereka ndine. Ndiyambire pamenepo, chifukwa abale anga akamasimba nkhaniyi amakonda kunena kuti anthu a m'tauni anadzautenga, ngati kuti anabwera ndi mfuti. Sanabwere ndi mfuti. Anabwera pa galimoto yoyera, anapempha mwaulemu, ndipo amene anawagwirira mbali imodzi poukweza ndine ndemwe.

Chinali chaka chimene madzi anatigwetsera nyumba kwathu kwa Tengani. Madzi atayamba kulowa m'bwalo, baba sanathamangire mbuzi kapena matumba a mapira. Anayamba ndi ulimba, anaumangirira pa nthambi ya bwemba, ndiye n'kuyamba kuganiza za zinazo. Mbuzi ziwiri zinapita ndi madzi. Ulimba sunanyowe n'komwe.

Kwa amene sanauonepo, ulimba ndi matabwa a mlombwa oyalidwa mondandalika pa chimango, kuyambira lalikulu mpaka laling'ono, ndipo pansi pa thabwa lililonse pamalendewera chipanda chake chokuza mawu. Amauimba amuna atatu nthawi imodzi ndi tindodo tokhala ndi mphira kunsonga. Baba ankakhala pakati. Ine ndinakula ndikuumva paukwati, pamowa wa olima, pamaliro, mpaka ndinafika posaumvanso, monga mmene munthu wokhala pafupi ndi chigayo samvera phokoso lake. Pa nthawi ya madziyo n'kuti anzawo oimba nawo kulibe. Mmodzi anali atamwalira, winayo atabwerera kwawo kutsidya, ku Mozambiki. Baba ankangoutsitsa mwa apo ndi apo, n'kuimba pang'ono okhaokha, n'kuubwezera kudenga.

Alendo a galimoto yoyera aja anachokera ku nyumba ina ya mabuku ndi zaluso ya ku Blantyre. Ankayenda m'midzi yokhudzidwa ndi madzi kufuna zinthu zakale zoti azisunge zisanawonongeke. Mkulu wawo anali bambo wamagalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Atamva kuti ndine mphunzitsi anandifotokozera za malo awowo: chipinda chodzaza mabuku, china cha zojambula, ndiponso kuti Loweruka lililonse alembi amakumana n'kumawerengerana zimene alemba. Ine n'kuti ndili ndi makope atatu a nkhani zanga zimene sindinaonetsepo munthu. Ndinaona khomo likutseguka, ndipo ndinaonanso kuti kiyi wake ali pa nthambi ya bwemba.

Ndinawauza baba kuti tenti imene tinkagonamo ikudontha, kuti chiswe chidya chimango, kuti makoswe aboola zipanda. Zonsezo zinali zoona. Koma chimene sindinawauze ndi chakuti ndinkafuna kuti bambo wamagalasi uja andikumbukire. Baba anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ulimba si mpando, mwananga," anatero.

Anatenga khasu n'kupita kumunda wa thonje, ndipo galimoto inanyamuka iwo kulibe.

Kwa zaka ziwiri sanautchulepo. Tinamanga nyumba ina, ya njerwa zowotcha. Tinkacheza za mvula, za mbewu, za mwana wa achimwene amene ankathawa sukulu. Koma pakamveka ulimba pa wailesi ankadzuka n'kupita kukaona mbuzi. Akanandikalipira bwenzi zitatha tsiku lomwelo, poti ine pokangana sindigonja ndipo aliyense kwathu amadziwa zimenezo. Koma munthu wokhala chete ungakangane naye bwanji? Ndinkadziwa kuti pakati pathu pali kanthu, ndipo ndinkadziwa kuti ndinakaika ndine.

Tsiku lina titamaliza kutola thonje, tikupuma pansi pa bwemba yemwe uja, baba anati akufuna kupita ku Blantyre. Ndinafunsa ngati akudwala, poti anthu a msinkhu wawo kumtunda amapitira chipatala. Anati sakudwala, akufuna akaone ngati ukupuma. Sanatchule dzina lake, ndipo ine sindinafunse.

Kunena zoona sindinachite mantha. Ndinali nditapitako kawiri ku nyumba ya zalusoyo, ndipo maulendo onse awiri ndinauona ulimba uli pamalo aulemu, ukuwala. Ndinaganiza kuti baba akauona chotero mtima wawo ukhala pansi, ndipo mwina adzanena kuti ndinachita bwino. Ndinaika limodzi la makope anga m'chikwama, kuti ulendo uno ndilimbe mtima ndilipereke kwa mkulu uja.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa. Akabaza anatifikitsa kumsewu, kenako minibasi. Baba anavala jekete lawo la kutchalitchi ngakhale kuti dzuwa la kwathu linali litayamba kale ntchito yake. Ndinawaseka kuti afika atapsa, iwo anati kumtunda kumazizira, ndipo anagwira thumba lam'kati la jeketelo ngati muli dzira. Tinadutsa Bangula, tinadutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo, tinawoloka Shire. Pokwera mapiri aja kuchokera pa Thabwa minibasi inkalira ngati ng'ombe yolemedwa ndi ngolo. Baba sanayang'ane kunja ngakhale pamene chigwa chonse chinaonekera pansi. Anangoti makutu atseka.

Nyumba ya zalusoyo ndi yakale, ya khonde lalikulu, yokhala mkati mwa mpanda wa mitengo. Pakhonde panali zosema zamitengo, zina zazitali kuposa munthu. Mkati munali chete ngati m'chipatala cha mishoni. Kudzanja lamanja kunali chipinda cha mabuku, mashelefu ofika kudenga. Kumanzere chitseko chinali chotseka, koma tinkamva mawu a munthu akuwerenga ndakatulo mokweza ndi ena akuwomba m'manja. Amenewo ndiwo anali alembi a Loweruka aja. Maulendo awiri oyamba ndinaima pachitsekocho osalowa.

Tinayambira m'chipinda cha zojambula chifukwa njira inadzera momwemo. Baba anayenda manja ali kumbuyo. Anaima nthawi yaitali pa chithunzi china chachikulu cha msodzi ali m'bwato, ine n'kumaganiza kuti chawagwira mtima. Kenako anandiuza kuti munthu wopalasa ataima chonchi pa Shire sangafike kutsidya, ng'ona zimudya lero lomwe. Ndinawapempha kuti atsitse mawu. Anati sakunyoza, chithunzi ndi chokongola, koma wojambulayo sanakwerepo bwato.

Ulimba unali m'chipinda chomaliza, pamodzi ndi ng'oma, zisekese ndi malimba ang'onoang'ono a m'manja. Anauika pa thebulo lalifupi pakati penipeni, atauzunguliza chingwe chofiira. Matabwa ankanyezimira. Zipanda zinali zoyera bwino, zopanda ndi fumbi lomwe. Patsogolo panali kapepala konena kuti ichi ndi choimbira cha anthu a m'chigwa cha Shire, ndi kena kolembedwa kuti osakhudza. Ndinayang'ana baba ndikudikira kuti aseke kapena agwedeze mutu. Iwo anakweza mwendo n'kudumpha chingwe.

Pomwepo panatulukira mayi wina wovala yunifolomu yobiriwira, kansalu kopukutira kali m'manja. Anali wa msinkhu wanga, wonenepa pang'ono, wa maso akuthwa. Anati agogo, pepani, kumeneko sikuloledwa. Ndinamufotokozera kuti awa ndi eni ake, ndiwo anausema. Nkhope yake inasintha. Anagwada pang'ono, anawapatsa moni ndi manja awiri, n'kunena kuti iye ndi amene amasamala chipinda chimenechi, ndipo pa zinthu zonse za muno chimene amachikonda ndi chimenechi.

Baba anapisa dzanja m'jekete n'kutulutsa tindodo tiwiri toimbira. Sindinkadziwa kuti anatisunga. Ndinkaganiza kuti tindodoto tinapita pa galimoto limodzi ndi ulimba. Mphira wake anali atachita kusalala chifukwa chogwiridwa.

Anamenya thabwa lalikulu. Linalira kuti gu, basi. Anamenya lachiwiri, lachitatu, mpaka kukafika kumapeto. Mawu ankatuluka ndithu, aliwonse pamalo pake, koma anali ouma, ongogwa pansi pomwepo. Ngakhale ine ndinamva kuti chinachake chasowa. Ulimba wa baba unkalira ndi kanthetemya kena kake, kakuti nziii, kamene kankapangitsa kuti umveke kuchokera kudambo. Uwu unkangomveka ngati munthu akugogoda pachitseko.

Baba anagwada movutikira n'kuyamba kupapasa zipanda chimodzichimodzi. Chipanda chilichonse chili ndi kabowo m'mbali, kokwana chala. Pakabowopo amamatapo kansalu koyera kopyapyala kamene kangaude wa m'makoma, uja wophwatalala, amafunditsa mazira ake. Kansalu kameneko ndi kamene kamanjenjemera thabwa likamenyedwa, n'kupereka kulira kuja. Baba analowetsa chala m'kabowo koyamba, kachiwiri, kachitatu. Timabowo tonse tinali pululu.

Mayi uja anaona kuti akufufuza kanthu ndipo anafuna kuthandiza. Anafotokoza, monyadira ndithu, kuti ulimbawu unafika uli ndi zinyalala za akangaude chipanda chilichonse, zomatirira ndi tinthu takuda, ndipo zinamutengera masiku awiri kuti azichotse ndi kampeni ndi madzi ofunda. Anati anthu akumudzi amasunga zinthu kudenga, ndiye akangaude amachita zofuna zawo. Kuyambira pamenepo amaupukuta m'mawa uliwonse, ndipo kangaude sanayerekezenso kufikapo.

Magazi anandithamanga. Ndinayamba kumuuza mawu amene sindingawalembe onse pano. Ndinati safunsa anadya phula, ndinati chinthu chimene sukuchidziwa umachisiya, ndinati mwaupha ulimba wa munthu ndi ukhondo wanuwo. Mayiyo anagwira pakamwa. Maso ake anathamangira kuchitseko, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza za ntchito yake ndi za ana ake. Koma sindinasiye, chifukwa zinkandikomera kuti papezeke wina wolakwa.

Baba anandidula ndi dzanja. Anali chigwadire. Anafunsa mayi uja, mwaulemu, ngati anati amaupukuta tsiku lililonse. Anavomera ndi mutu. Kenako baba anatembenukira kwa ine.

"Iwe unabwera kuno kangati?"

"Kawiri, baba."

"Sunaone?"

Mayi uja anabadwira ku Ndirande ndipo anali asanaumvepo ulimba ukulira. Ine ndinabadwira pansi pake. Ndili mwana baba ankandituma kukayang'ana tinsalu timeneti kuseri kwa nkhokwe ndi m'makoma a khitchini, ndipo ndinkabwera nato pa tsamba. Ndinaima pachingwe chofiira chija kawiri konse, ndikusirira kuwala kwa matabwa, osaona kuti zipanda zili pululu. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo pena.

Pofuna kudzipulumutsa ndinanena kuti anyamata oimba masiku ano amamata pulasitiki wopyapyala wa majumbo, ndipo ndikhoza kuthamangira pagolosale. Baba anakana, anati nkhabe, pulasitiki amalira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Anadzuka atagwira thebulo, anasasa maondo, n'kufunsa mayi uja kuti m'nyumba muno ndi pati pamene sasesapo.

Funsolo linamupweteka mayiyo kuposa mawu anga onse aja. Anayankha kuti palibe, iye amasesa paliponse, afunse aliyense. Baba anati sakumuyesa, akufuna thandizo, ndipo nyumba yopanda kangaude sinamangidwe. Mayi uja anaganiza kaye. Kenako ananena motsitsa mawu kuti mwina kuseri kwa mashelefu a mabuku. Mashelefuwo alibe matabwa kumbuyo, anangotsamira khoma, ndipo ndi olemera moti sangawasunthe yekha. Mabuku a m'mwamba anthu amatenga ndi kubweza, koma a mzere wapansi palibe amene amawagwira.

Tinapita atatu m'chipinda cha mabuku. Munali atsikana awiri akuwerenga ndi bambo wina akugona pa nyuzipepala. Baba anavula jekete n'kundipatsa, anakhala pansi miyendo atatambasula, n'kuyamba kutulutsa mabuku a mzere wapansi. Anali mabuku akuluakulu a zikuto zolimba, ena a malipoti akale a zaulimi, ena a zilankhulo zimene sindidziwa. Baba sadziwa kuwerenga, koma ankawagwira bwino, kuwasanja pambali mmene anawapezera. Atachotsa khumi oyamba anasuzumira, n'kuseka kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Pakhoma panali timadontho toyera, tozungulira, tomatirira ngati timapepala.

Anapempha lumo. Mayi uja anakatenga lezala m'kabati yake. Baba anamuonetsa kusiyanitsa kwake: kansalu kotuwa, kophwanyika, ndi kakale, sikathandiza. Kotupa pakati kali ndi mazira, kameneko umakasiya kuti mawa upezenso ena. Kabwino ndi koyera kosalala, kamene ana atuluka kale. Umalowetsa lezala m'mphepete n'kumakankha pang'onopang'ono, osapuma mwamphamvu. Anayesa okha koyamba, koma dzanja linkanjenjemera ndipo kanang'ambika. Anayang'ana dzanja lawolo kwa kanthawi. Kenako anandipatsa lezala.

Mmenemo ndi mmene mkulu wamagalasi uja anatipezera: nkhalamba ili pansi pakati pa milu ya mabuku, mphunzitsi atalowetsa mutu m'shelefu, wosesa atanyamula chivundikiro cha bokosi choikapo tinsalu ngati wanyamula mbale ya chopereka. Anafunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Ndisanatsegule pakamwa baba anayankha okha. Anati ulimba wawo wakalamba, tinsalu take tinatha, ndipo mayi awa awathandiza kupeza tatsopano. Sananame kwenikweni, koma sananenenso zonse. Mkuluyo anavula magalasi, anayang'ana pa chivundikiro chija, n'kunena kuti pa zaka zonse zimene wakhala pamalopo sanadziwe kuti mabuku a mzere wapansi ali ndi ntchito.

Tinapeza tinsalu tokwanira, n'kutsalako. Titabwerera ku ulimba baba anatulutsa kampira ka phula lakuda m'thumba lomwe lija la jekete. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti sananyamuke kwathu kudzangoona. Anadziwiratu kuti akapeza china chitavuta, ngakhale sankadziwa kuti n'chiti.

Ntchito yomata inagwera ine. Baba ankafewetsa phula pakati pa zala n'kundipatsa, ine n'kulizunguliza m'mphepete mwa kabowo, kenako n'kuyala kansalu pamwamba. Kakakhala kolimba kwambiri sikalira, kakakhala kolobodoka kamangopepera. Toyamba tiwiri ndinang'amba. Baba sanakalipe, anangoti zala za choko. Kachitatu kanagwira. Anamenya thabwa lake kamodzi, n'kupendeketsa mutu, n'kundiuza kuti ndikhwefule pang'ono mbali yakumanzere. Anamenyanso. Kulira kuja kunatuluka, kakuti nziii, ndipo tsitsi linandiima. Mayi uja anati, "Ii, kodi chimalankhula chonchi?"

Zinatitengera nthawi yaitali, mwina maola awiri. Msana unandiwawa, phula linalowa m'zikhadabo. Mayi uja ankagwira chipanda chilichonse kuti chisagwedezeke pamene ndikumata, ndipo pofika chakhumi n'kuti akudziwa yekha kuti kansalu aka kalimba kwambiri. Pena ndinamupepesa chifukwa cha mawu anga aja. Anati palibe kanthu, koma sanandiyang'ane, ndipo sindikumuimba mlandu.

Titamaliza baba anapempha mpando waufupi. Anakhala pakati, pamalo pawo, n'kuyamba nyimbo ina imene ankaimba pa maukwati mkwatibwi akamatuluka m'nyumba. Manja amene analephera kugwira lezala aja pa tindodo sananjenjemere. Chipinda chinadzaza. Chitseko cha alembi chinatseguka ndipo anatuluka onse, mapepala ali m'manja. Atsikana a m'chipinda cha mabuku anabwera, ngakhale bambo wogona uja. Ena anayamba kujambula ndi mafoni. Iwo ankamva nyimbo yathunthu. Ine ndinkamva mipata, malo amene mnzawo wa kumatabwa akuluakulu ankayankha, ndi malo amene wa kumatabwa ang'onoang'ono ankathamanga pamwamba. Baba ankasiya mipatayo ili yotseguka, ngati akudikira kuti wina alowemo.

Sanaimbe nthawi yaitali. Anamaliza nyimbo imodzi, n'kuika tindodo pamwendo. Anthu anawomba m'manja, ndipo mkulu uja anayamba kulankhula za kuwaitana pa tsiku lapadera. Ine sindinamvetsere. Ndinali nditaganiza kale. Kope langa linali m'chikwama, ndipo ndinkadziwa kuti zimene ndikufuna kunena zikhoza kutseka khomo lija. Ndinanena pamaso pa onse kuti baba, tiutenge, tibwerere nawo kwathu lero, nyumba tsopano ilipo ndipo sidontha. Mkuluyo sakanakana, chifukwa tinagwirizana pachiyambi kuti angotisungira.

Baba anayang'ana ulimba, osati ine. Anafunsa kuti kwathuko akauimba ndi ndani. Anati kumeneko ukakhala kudenga, iwo n'kumauyang'ana, ndipo tsiku limene adzagone adzukulu adzachotsa matabwa n'kukhomera khola la nkhunda. Kuno kuli munthu amene amaugwira m'mawa uliwonse. Analakwitsa, inde, koma analakwitsa ali pafupi nawo.

Anaitana mayi uja n'kumupatsa tindodo tija ndi manja awiri. Anamuuza kuti akamaliza kupukuta matabwa, zipanda azizisiya, ndipo azimenya thabwa lililonse kamodzi, kuyambira lalikulu mpaka laling'ono, kuti ulimba usaiwale mawu ake. Likapezeka lina losalira bwino, ndiye kuti kansalu kang'ambika, atumize uthenga. Mayiyo analandira atagwada, misozi ili m'maso, n'kufunsa kuti uthengawo azitumiza bwanji poti agogo alibe foni. Baba anathokoza m'chilankhulo cha kwathu, anati takhuta, mayi, za foni musadandaule, n'kutenga jekete lawo.

Ndinatuluka pamalopo mtima uli wolemera. Tindodo timene anatisunga zaka ziwiri osandionetsa anapatsa mlendo amene anamudziwa tsiku limodzi. Ndinaona kuti ndi chiweruzo, ndipo ndinaona kuti ndi cholungama. Kope langa linabwerera mmene linapitira. Tinakwera minibasi n'kuyamba kutsika mapiri. Kutentha kwa kwathu kunatichingamira pa ngodya yachitatu, anthu n'kuyamba kuvula majuzi. Pansi Shire ankaoneka ngati chingwe chotayidwa m'munda.

Baba anavula jekete, anapisa m'thumba lam'kati, n'kutulutsa kabokosi ka machesi. Anakaika m'dzanja langa n'kupinda zala zanga pamwamba pake. Ndinatsegula pang'ono. Munali tinsalu totsala tija, atatiyala pakati pa timapepala, ndi kachidutswa ka phula.

"Nambala yako ndamuuza mkulu uja kuti awapatse mayi aja," anatero. "Unaupereka ndiwe. Uziusamala ndiwe."

Aka kanali koyamba kuti anene ndi pakamwa pawo kuti ndinaupereka ndine. Ndinadikira zaka ziwiri kuti mawu amenewo andigwere, ndipo ndinkaganiza kuti adzabwera ngati mwala. Anabwera ndi kabokosi ka machesi. Ndinayang'ana pawindo kuti anthu asaone nkhope yanga, ndipo baba anayamba kufunsa mayi amene anakhala pafupi nawo za mmene mapira achitira kwawo chaka chino.

Tsopano ndimapita ku Blantyre tchuthi chilichonse cha sukulu, nthawi zina pakati pa teremu uthenga ukabwera. Mayi uja amandilandira ndi lezala ali nalo kale. Mzere wapansi wa mabuku anaulamula kuti munthu asausunthe, ndipo mkulu wa pamalopo anavomereza. M'chipinda cha alembi ndinalowamo pambuyo pake, ndipo ndinapeza kuti ndi anthu wamba, ena olemba bwino, ena ongokweza mawu. Baba sakwanitsanso kukwera mapiri aja. Ndikabwerako sandifunsa za mseu kapena za mabuku. Amafunsa kuti zinang'ambika zingati, ndi matabwa ati, ndipo ndikawauza amagwira zala zanga n'kuyang'ana ngati m'zikhadabo muli phula.

M'nyumba mwanga, kuseri kwa kabati ndi pamwamba pa chitseko, muli timadontho toyera timene sindichotsa. Alendo ena amayang'ana timadonthoto n'kuyang'anana, ndipo ndikudziwa zimene amakanena za mphunzitsi wosasesa makoma. Mlamu wanga anabwera tsiku lina ndi tsache lalitali kuti andithandize. Baba anali pakhonde, ndipo ndisanalankhule ine anamuuza kuti alisiye panja, za m'makomazo ndi za mwana wawo, ali nazo ntchito.